Chidindo pa Makina a Mayi Aubertin

Phula linali lisanaume pa makina achiwiri pomwe Mayi Aubertin anatsika makwerero, atavala zakuda zomwe anakhala akuvala chimwalirire amuna awo.

"A Rabourdin, mukutani pa makina anga?"

"Ndikugwira ntchito ya mfumu, mayi," anayankha Rabourdin osatembenuka.

Anadinda chidindo pa phulalo n'kupukuta chala pa malaya. Iye ndiye anali wapolisi woyang'anira malonda a mabuku mu Paris, ndipo mumsewu wa Saint-Jacques munalibe khomo lomwe sankalidziwa. Koma khomo ili ankalidziwa kuposa onse. Ali mnyamata anaphunzirapo ntchito yosindikiza pano, m'manja mwa malemu Aubertin, n'kusiya asanamalize. Nthawi imeneyo mayiwa anali akadali Perrine, mtsikana wa nyumba yoyandikana, yemwe ankaseka akamuona atadetsa mphuno ndi inki.

Antchito anaima chilili m'mbali mwa khoma. Pamwamba pawo mapepala onyowa anali lende pa zingwe.

"Nkhani ndi buku la Dokotala Sarrazin," anatero Rabourdin. "Lija la zotupa za m'khosi."

"Lili ndi chilolezo cha mfumu! Tachisindikiza kumapeto kwake monga mwa lamulo. A Thibaudeau, ounika mabuku, anawerenga zolemba pamanja zonse, tsamba lililonse anaikapo dzina lawo. Palibe wina angalisindikize m'dziko muno koma ine."

"A Thibaudeau omwewo ndi amene adandaula. Akuti m'buku lomwe munawatumizira muli mawu omwe iwo sanawaloleze."

Chitseko chinatseguka, n'kulowa mwamuna wamtali wa masokosi oyera bwino, chipewa chili m'manja. Mayi Aubertin anamuthamangira n'kumugwira mkono.

"Lucien, tamva zomwe akunenazi!"

Lucien. Osati Dokotala, osati Bambo Sarrazin. Rabourdin anamasula nsalu yomwe bwana wake, mkulu wa apolisi, anamupatsiramo bukulo m'mawa uja. Anafufuza tsamba lomwe linatchulidwa m'dandaulo, chakumapeto. Linali lotsekeka pamwamba ndi m'mbali, monga amakhalira mabuku atsopano, poti pepala lalikulu limangopindidwa n'kusokedwa, wogula n'kumadzidulira yekha powerenga. Anasolola mpeni wake n'kung'amba mopindamo ndi mphamvu yoposa yomwe inkafunika, maso ali pa dzanja la mayi lomwe linali pa mkono wa dokotala. Kenako anawerenga mokweza:

"Mfumu ikakhudza wodwala pa khosi, chomwe chimachoka ndi thukuta la wodwalayo basi, kupita pa dzanja la mfumu. Zotupa zimatsala pomwepo."

Wantchito wina anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Aliyense ankadziwa kuti odwala amayenda mitunda kuti mfumu ikawakhudze, ndipo aliyense ankadziwa zomwe zimachitikira munthu wonyoza mwambo umenewo.

"Ine sindinalembe zimenezo," anatero dokotala.

Mayi Aubertin anatola buku lina pa mulu, n'kulitsegula pamalo omwewo. "Onani! Pano akunena za kusambitsa bala ndi madzi a mchere. Onaninso ili. Ndi ili!"

"Onse amatero, mayi. Labwino pa shelefu, loipa pansi pa malaya." Rabourdin anabweza mpeni m'thumba. "Bwana akufuna yankho langa Loweruka. Zikakhala zoona, chilolezo chifafanizidwa, makina agulitsidwa, wolemba apita ku ndende ya Bastille."

Ponena mawu omalizawo anamva kukoma kwina m'kamwa, ndipo sanakukonde.

*

Rabourdin anamufunsira dokotala m'kachipinda kosungira mapepala.

"Inuyo mumakhulupirira kuti dzanja la mfumu limachiza?"

"Ndimakhulupirira kuti khosi ndili nalo limodzi lokha, bwana, ndipo ndimalikonda. N'chifukwa chake m'buku monse mfumu sindinaitchule."

"Buku linatha kusindikizidwa kale. Mumadzatani pano tsiku ndi tsiku?"

"Kudzamwa khofi. Mayi Aubertin amaphika khofi wabwino. Kapena nayenso amafuna chilolezo cha mfumu?"

Rabourdin sanaseke. Iye ankalowa pakhomo pano mwezi ndi mwezi kudzayendera makina, koma khofiyo anali asanamulaweko.

"Ndani amadana nanu?"

"Madokotala onse a mu Paris. Ndi mwambo wathu, musadabwe nazo. Koma ngati mukufuna wodana nane mwaulemu, pitani kwa a Thibaudeau. Iwonso ndi dokotala, ndipo akhala akulemba buku la matenda omwewa chiyambire ine ndisanamere ndevu. Atandibwezera zolemba zanga anandigwira chanza ngati akugwira nsomba yoola."

"Buku losindikizidwa lija analipititsa kwa iwo ndani?"

"Colas Brichet, kapitawo wa pano. Amene uja anaima pafupi ndi zilembo, wosayang'ana munthu kumaso." Dokotala anaweramira kutsogolo, nthabwala zitamuthera. "Bwana, ine ndende ndikhoza kuipirira. Koma mayiwa makina awa ndi moyo wawo."

"Za moyo wa mayiwa ndikuzidziwa," anatero Rabourdin, n'kuimirira. Potuluka anadzipeza akuganiza mmene masokosi oyerawo angaonekere atakhala mwezi pa udzu wa ku Bastille.

*

A Thibaudeau ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba ina kuseri kwa sukulu ya udokotala, m'chipinda chozizira chonunkha fumbi ndi mankhwala. Anali nkhalamba yowonda, ya wigi yomwe inaona masiku abwino kalekale. Sanamupatse mpando.

"Zonse ndinalemba m'dandaulo, mwana wanga. Ine ndine maso a mfumu. Maso akaona, amanena."

"Mungandikumbutse mawu ake?"

Nkhalambayo inatsinzina n'kulakatula pang'onopang'ono, za thukuta, za dzanja la mfumu, za zotupa zotsala. Sinaphonye liwu ngakhale limodzi. Inkaoneka ngati munthu yemwe akumva nyimbo yomwe amaikonda.

"Mwawasunga bwino."

"Ndinawawerenga ndi maso angawa, nditakhala pampando uno. Chinthu chonyansa chimakanirira m'mutu."

Rabourdin anayang'ana mashelefu. Munali mabuku ambirimbiri omwe osindikiza ankatumiza kwa wololeza wawo monga mwa mwambo, onse oyera m'mbali, osadulidwa.

"Awa simunawawerenge?"

"Ndiwerengerenji kawiri? Ndinawawerenga akadali olembedwa pamanja, ena mwa iwo ndi dzanja loipa ngati la nkhuku. Buku likabwera ndimangoliika apo."

"Nanga la Dokotala Sarrazin?"

"Mtima unandiuza." Nkhalambayo inaika dzanja pa mulu wa mapepala achikasu omangidwa ndi chingwe pa tebulo. "Matenda amenewa ndimawadziwa ine. Langa lituluka likapsa. Anyamata a masiku ano amalemba chaka chimodzi, mawa lake dzina lili pakamwa pa aliyense, akazi akuwaphikira khofi."

"Komabe munaliloleza."

"Ndikanalikana bwanji? Ndinalifufuza mzere ndi mzere." Mawu anatsika ngati akulengeza maliro. "Munalibe cholakwa. Munalibe ngakhale chimodzi."

Rabourdin anatsika makwerero njala itamugwira. Pakhomo anagula apozi kwa mayi wina wa dengu, n'kusolola mpeni kuti asende. Pa mpenipo panali kanyenyeswa koyera ka pepala.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamasula nsalu ija n'kuliyendetsa bukulo ndi chala kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Lonse linali lotsekeka, mopinda monse muli gwa. Malo otseguka anali amodzi okha, ndipo anawatsegula anali iye mwini, m'mawa uja, pamaso pa anthu onse.

A Thibaudeau analakatula mawu a pa tsamba lomwe maso awo anali asanalione.

*

Rabourdin anakhala pa khoma la mlatho, apozi ali m'manja wosadyedwa.

M'nyumba ya makina muja palibe yemwe anazindikira kuti tsambalo linali losadulidwa. Mayi anali ndi mantha, dokotala anali ndi mantha, antchito ankayang'ana pansi. Akanatha kupukuta mpeniwo, n'kukauza bwana Loweruka kuti dandaulo ndi loona. Akanathanso kuwapemphera mayiwo chifundo, kuti makina awasiyire, mlandu ugwere wolemba yekha. Bwana ankamumvera pa zotere. Ndiye mayi akanamuthokoza, mwina n'kumuitanira pamwamba, pampando womwe ukanakhala wopanda munthu.

Anatsegulanso tsamba lija kuti aleke kuganiza. Chala chake chinakumbuka zomwe chinaphunzira ali mnyamata. Pepala limanyowetsedwa dzulo lake, ligone likufewa, kuti zilembo zikalowe bwino ndi kusiya timaenje tomveka kuseri. Masamba ena onse anali otero. Koma gawo ili linali losalala, inki yake yotuwa, yongokhala pamwamba. Linasindikizidwa pa pepala louma.

Kwa Mayi Aubertin pepala lonyowa silinkasowa tsiku la ntchito. Panali tsiku limodzi lokha posachedwapa lomwe panalibe yemwe ananyowetsa pepala dzulo lake, poti makina onse a mu Paris anali chigonere: chikondwerero cha Yohane Woyera, nkhoswe ya osindikiza.

Anataya apoziyo mumtsinje n'kunyamuka.

*

Anakamupeza Toinon, mayi wopinda ndi kusoka mabuku, kuseri kwa nyumba ya makina akuwothera dzuwa, poti ntchito inali itaima. Anali wonenepa, wopanda mano akutsogolo, ndipo ankamudziwa Rabourdin kuyambira masiku a mphuno ya inki.

"Eee, Gaspard wathu! Watitsekera makina, tsopano wabwera kudzatiwerenga nsabwe?"

"Pa chikondwerero cha Yohane Woyera, onse a pano analipo?"

"Angasowe ndani pa tsekwe waulere? Misa tinapita tonse, bungwe lonse la osindikiza, makandulo m'manja. Mayi anali kutsogolo, dokotala wawo pambali ngati mbendera. Kenako kuphwando."

"Dokotala anachokapo?"

"Achoke? Anavina ndi mayi mpaka nsapato kutentha. Ukufuna ndikuuze kuti anawagwira pati?"

"Ayi. Nanga Colas?"

"Colas anati m'mimba mwamupotokola, Misa itangotha. Anabwerera tsekwe atatsala mafupa." Toinon anaseka n'kudzimenya pa ntchafu. "Koma m'mimba mwake ndi modabwitsa, mumatuluka inki! Iwe ukudziwa, wosindikiza amasamba kawiri pa chaka, pa Pasaka ndi pa Yohane Woyera. M'mawa manja a Colas anali oyera ngati a sisitere. Pobwera, ndikumupatsira mkate wodalitsidwa, wanyema, chala chakuda bii chatsala pa mkate! Ndinati, iwe Colas, wadinda chilolezo pa mkate wa Ambuye?"

"Anati chiyani?"

"Colas amayankha? Anangoudya."

Rabourdin anamuonetsa msana wa bukulo. "Unasoka ndiwe ili?"

"Undilemekeze, Gaspard. Uwu ndi msoko wa thumba la anyezi. La a Thibaudeau anati asoka yekha, ati la bwana wamkulu lifuna dzanja la mwamuna." Anamuyang'ana cham'mbali. "Wosauka Colas. Chimwalirire abwana wakhala akuyang'ana makwerero aja ngati galu pakhomo la wogulitsa nyama. Sali yekha ayi. Ena amabwera ndi chipewa cha mfumu kudzawerenga makina awiri mwezi ndi mwezi, ngati makinawo amaswana."

Rabourdin anavala chipewa chomwecho n'kuchoka, Toinon akumuseka kumbuyo.

*

Colas Brichet anali m'nyumba ya makina yekha, akupukuta zilembo zomwe zinali zoyera kale. Anali wa mapewa aakulu, imvi zitayamba m'mbali.

"Gawo lomaliza la bukuli, zilembo zake zinali zisanamasulidwe pa tsiku la chikondwerero," anatero Rabourdin. "Ndi choncho?"

"Mwina."

"Munthu wodziwa ntchito akanatha kuchotsa mizere ingapo, kuikapo ina, kusindikiza pepala limodzi, n'kubwezera zonse mmene zinalili tsekwe asanathe. Koma pepala lonyowa panalibe."

Colas anapitiriza kupukuta.

"Malemu Aubertin akanakumenya khofu chifukwa cha tsamba ili, Colas. Taona inki yake. Ngakhale ine wothawa maphunziro sindikanalitulutsa."

Apo m'pomwe dzanja linaima. Munthuyo akanapirira kutchedwa wakuba, koma osati zimenezo.

"Nthawi panalibe," anatero motsitsa.

"Mawu anakupatsa ndani?"

"Mukuwadziwa. Anawalemba okha, n'kundiwerengera kawiri ngati ndakatulo." Colas anaika nsanza pansi. "Anandilonjeza kuti agwidwa ndi dokotala yekha. Anati mayi sawakhudza, anati anena kuti dokotala ananyengerera wantchito wina mayi osadziwa. Mmene ndinaona mukudinda makina m'mawa uja, ndinafuna nthaka indimeze."

"Unachitiranji?"

"Makina awa ndawagwira ine abwana akudwala, ndawagwira ine abwana atapita. Lamulo la bungwe mukulidziwa. Kapitawo akakwatira mkazi wamasiye wa mwini makina, amalandiridwa kukhala mmisiri. Ndinkadikira kuti avule zakuda. Ndiye kwabwera uyu wa masokosi, ndi nthabwala zake, akukwera makwerero omwe ine sindinawakwerepo." Anakweza maso koyamba. "Inu simungamvetse."

Rabourdin anayang'ana makwererowo, kenako n'kuyang'ana pansi.

"Tenga chikhoti chako," anatero. "Kumene tikupita kumazizira."

*

Loweruka masana Rabourdin anabwera kudzachotsa zidindo. Mkulu wa apolisi anali atamva zonse, n'kugamula monga amagamulira akuluakulu. Colas akhala m'ndende, ndipo sadzagwiranso zilembo mu Paris. A Thibaudeau apuma pa ntchito youunika mabuku chifukwa maso awo afooka. Chilolezo cha Mayi Aubertin chikhala mmene chinalili.

Antchito anali atapita kukanyowetsa mapepala. Mayi anaima pafupi, manja atapinda, akumuonerera akupala phula ndi mpeni.

"Akuti mukanatha kungokhala chete," anatero.

"Akutero ndani?"

"Toinon."

"Toinon amalankhula kwambiri." Anapala kwina. "Dokotala wanu wapulumuka. Mundiitane ku ukwati, ndidzaima kumbuyo."

Mayi anaseka, kuseka komwe kuja kwa kale, ndipo Rabourdin anaphonya phula n'kukanda thabwa.

"Ukwati? Ndi Lucien? Inu mumayang'anira malamulo a mabuku koma mwaiwala loyamba? Tsiku lomwe ndingakwatiwe ndi munthu wosakhala wa ntchito yathu, makina awa si anganso, zilolezo zonse zipita. Ndisiye zonsezi chifukwa cha mwamuna wodziwa kuvina? Lucien ndi mlendo wa khofi. Buku lachiwiri akalemba, ndimuphikiranso."

"Ndiye simukwatiwa."

"Dokotala, loya, wapolisi, kwa bungwe n'chimodzimodzi." Anayang'ana pomwe Colas ankaima. "Mumsewu wonse uno mwamuna yemwe ndikanamutenga osataya kanthu anali mmodzi. Si kuti mtima unkagunda ayi, koma anali wa manja abwino. Ndinkati ndimuuze buku ili likatuluka."

Phula la makina oyamba linagwa pansi.

"Mukanamaliza maphunziro anu aja, Gaspard," anatero mayi, mawu ali wamba ngati akunena za mvula. "Amuna anga ankati munali ndi chala chabwino pa pepala."

Anatembenuka n'kukwera makwerero. Patapita kanthawi fungo la khofi linatsika, ndipo kunja kunamveka mawu a dokotala akupereka moni kwa Toinon.

Rabourdin anapita pa makina achiwiri. Phula la pamenepo linali litauma kwambiri, ndipo analipala pang'onopang'ono kuti asakandenso thabwa.